Phazi la Dzanzi ndi Nsapato Yake

Tsiku lina pa chipatala cha Ndamera, m'boma la Nsanje, ndinaona bambo ŵena odwala matenda a shuga akuyenda dzandidzandi monga munthu amene wamwa kachasu, chonsecho moŵa analeka kalekale. Titaŵavula patapata tinapeza munga uli phe m'chidendene, eni ake osadziŵa konse.

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amaononga mitsempha yomvera, kuyambira ku zala za kumapazi. Phazi limachita dzanzi, mwina limatentha usiku ngati lapondedwa pamakala, kenaka silimvanso kanthu. Tsono kunsi kwa phazi ndiko kumene kumauza ubongo ngati munthu waima chilili kapena wapendekeka. Uthengawo ukaleka kufika, munthu amadalira maso okha, kotero kuti mumdima, m'matope a kudimba, kapena pokwera bwato pa Shire, amagwa msanga.

Achikulire akukumbukira nsapato za mphira wofeŵa zimene ankavala odwala khate. Amene anazitchukitsa ndi Dr Paul Brand, dokotala amene ankagwira ntchito ku India. Iye anaona kuti phazi la dzanzi limaola chifukwa cha kupondera malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku popanda ululu wochenjeza mwini wake. Atasamukira ku Carville, m'dziko la America, anaonetsa kuti nzeru yomweyo ndi yothandizanso odwala shuga.

Akatswiri ŵena ayesa kupanga choyala cha m'nsapato chodzutsa mitsempha imene yatsalako. M'chaka cha 2006 ofufuza a ku Boston anaonetsa kuti choyala chonjenjemera pang'onopang'ono chimachepetsa kudzandira kwa odwala shuga akaima. Ŵena ayesa zoyala zokhala ndi timatuza ting'onoting'ono. Zimenezi simungazipeze pa msika wa Marka, ndipo ine sindingakulangizeni kudikira izo.

Chimene tingathe ndi ichi. Valani nsapato yotseka, yosathina, yomanga ndi zingwe kapena lamba, yolimba kunsi kuti munga usaboole. M'kati mwake yalani mphira wofeŵa wodulidwa molingana ndi phazi lanu, kuti kulemera kwa thupi kugaŵikane phazi lonse. Koma chenjerani: choyala chochindikala kwambiri chimachititsa munthu kudzandira koposa, monga woima pa matiresi. Musaike timiyala kapena chinthu chokhakhala m'nsapato poganiza kuti mudzutse phazi, pakuti mudzangolibaya. Patapata amavuka poyenda, ndipo nsapato za matayala zimabisa waya ndi misomali.

Kuno ku chigwa, m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mchenga umaotcha phazi la dzanzi mwini wake akuseka ndi anzake. Madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakwiriranso zidutswa za malata ndi magalasi m'minda yambiri. Chifukwa chake musayende opanda nsapato, ngakhale popita kuchimbudzi usiku.

Musanavale, gwedezani nsapato ndi kupisamo dzanja. Madzulo sambitsani mapazi ndi madzi amene mwayamba mwaŵayesa ndi chigongono, pukutani pakati pa zala, ndipo yang'anani kunsi ndi kalilole kapena pemphani mdzukulu akuonereni. Mukaona thuza, mng'alu kapena malo ofiira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chilonda chikakhala chozama adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha pa boma ku Nsanje. Musaiŵale kutenga buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi nsapato zimene mumavala.