Diso Likayamba Kuona Mphezi Popanda Mvula

Woweta aliyense amadziwa kuti matenda ena a ng'ombe amapatsa nthawi pamene ena sapatsa. Ng'ombe yotsimphina ingadikire mpaka mawa, koma yotupa mimba cifukwa codya msipu wanthete ikhoza kufa dzuwa lisanalowe. Matenda a maso nawonso ndi otero. Ng'ala imakula pang'onopang'ono, ndipo munthu angakhale nayo zaka zingapo n'kudzaonanso bwino atacitidwa opaleshoni. Koma pali vuto lina la m'kati mwa diso limene limawononga m'masiku owerengeka, ndiponso silipweteka konse.

Cimene cimacitika m'kati mwa diso

Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kacikopa kopyapyala kochedwa retina. Ndiko kamalandira kuwala ndi kutumiza cithunzi ku ubongo. Pakati pa diso pamadzaza madzi olimba ngati coyera ca dzira laliwisi. Munthu akamakula, makamaka akapyola zaka 50, madziwa amasungunuka n'kufota, ndipo amayamba kukoka retina. Kukokako n'kumene kumacititsa munthu kuona ziphaliwali m'mbali mwa diso, makamaka mumdima. Kawirikawiri madziwa amalekana ndi retina popanda kuwononga kanthu, koma nthawi zina amaing'amba. Akalowa pa mng'aluwo, retina imakakatuka monga pulasitala wa khoma lonyowa, ndipo mbali yokakatukayo imaleka kuona.

Timadontho towerengeka toyandama m'maso, timene munthu wakhala akutiona kwa zaka zambiri poyang'ana kumwamba, nthawi zambiri si toopsa. Coopsa ndi cosintha mwadzidzidzi: ziphaliwali m'diso limodzi, timadontho tambiri tatsopano tonga nchenche, mwaye kapena ukonde wa kangaude, ndiponso mthunzi wakuda woyambira m'mbali n'kumadza pakati ngati nsalu yochinga pakhomo. Mukaona cimodzi ca izi, phimbani diso lililonse palokha kuti mudziwe lomwe lavuta, ndipo nyamukani kupita ku cipatala tsiku lomwelo. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa nkhani iyi kudekha kumadula diso. Mng'alu ukapezeka msanga, dokotala amaumata ndi makina a laser. Retina ikakakatuka pamafunika opaleshoni yaikulu, ndipo kukakatukako kukafika pakati, pamene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope, kawirikawiri diso silibwerera mwakale ngakhale opaleshoni itayenda bwino.

Amene ali pangozi yaikulu

Vutoli limakonda anthu amene saona patali kuyambira ubwana n'kumavala magalasi ocindikala, amene anacotsedwapo ng'ala, amene wacibale wawo linamugwerapo, ndi amene anamenyedwapo pa diso. Apa mlimi sali patali. Nyanga kapena mcira wa ng'ombe, mkwapulo wobwerera, cikuni cothamanga powaza, waya wa mpanda woduka poukoka, zonsezi zimagunda diso, ndipo retina ingang'ambike patapita miyezi diso litaoneka kuti lapola. Pomenya citsulo ndi nyundo pokonza pulawo kapena ngolo, kacidutswa kocepa kangaboole diso n'kukakhala m'kati osasiya bala looneka. Magalasi oteteza maso ndi ochipa kuposa ulendo umodzi wa ku cipatala.

Matenda a shuga amawononga timitsempha ta magazi ta mu retina mwakacetecete, munthu akuonabe bwino. N'cifukwa cace wodwala shuga ayenera kuunikidwa m'kati mwa maso kamodzi pa caka, ngakhale asakumva vuto. BP yokwera ndi matenda a sickle cell nazonso zimawononga retina. Mayi woyembekezera akayamba kuona mbuu kapena tinyenyezi, mutu ukuwawa kwambiri, athamangire ku cipatala cifukwa ico cingakhale cizindikiro ca BP yoopsa kwa iye ndi mwana yemwe.

Kodi mupite kwa yani?

Si aliyense wogwira nchito ya maso amene amacita zonse. Optician amakonza ndi kugulitsa magalasi motsatira muyeso umene wina walemba. Optometrist amapima kaonedwe, amalemba muyeso wa magalasi, ndipo amatha kuzindikira matenda n'kutumiza wodwala patsogolo. Ophthalmic clinical officer ndi nesi wa maso, amene amapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma, amaciza matenda ofala ndi kulemba kalata yotumiza. Ophthalmologist ndiye dokotala wa maso amene amacita opaleshoni, ndipo pakati pa iwo ndi ocepa amene anaphunzira opaleshoni ya retina. Amene amagulitsa magalasi owerengera pa msika sali m'gulu ili konse. Madokotala, ma clinical officer ndi ma optometrist m'dziko lathu amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo si mwano kufunsa ciphaso ca munthu amene mukufuna kumupatsa maso anu.

Ngati vuto lanu ndi zilembo za m'Baibulo zimene zayamba kucepa mutapyola zaka 40, kupimitsa magalasi n'kokwanira. Koma ziphaliwali ndi mthunzi sizicira ndi magalasi. Kuno ku Eastern Province, zipatala za Chipata Central, Mwami Adventist ndi St Francis ku Katete zili ndi mbali yoona za maso, ndipo wofunika opaleshoni ya retina amatumizidwa ku Lusaka, kumene kuli cipatala ca maso ca UTH. Mukayambira pa kiliniki ya kwanu, fotokozani momveka kuti vutolo layamba mwadzidzidzi, chulani tsiku limene linayamba ndi diso lace, ndipo pemphani kalata yopita kumene amaunika m'kati mwa diso. Kumeneko adzakudonthezani mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone retina yonse. Mudzaona mbuu kwa maola angapo, conco pitani ndi wokuperekezani ndipo musayendetse njinga yamoto. Tengani magalasi anu, mankhwala amene mumamwa ndi khadi la NHIMA ngati muli nalo.

Musadonthezere m'diso madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena mankhwala otsala a mnzanu. Zimenezi sizifika pa retina, koma zimatha kuyambitsa cilonda pamwamba pa diso. Mankhwala ena odontheza amakulitsa cilonda cimene cinayamba ndi kukalidwa ndi tsamba la cimanga. Mankhwala opopera thonje kapena masamba akagwera m'diso, litsukeni ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosacepera 15, kenaka pitani ku cipatala mutanyamula cigubu cace.

Ambiri amacedwa cifukwa ca kupalira, kukolola kapena kudikira ndalama za mbewu. Munda wosiyidwa masiku atatu, a mumpingo ndi anzanu a m'kalabu ya alimi angakugwirireni. Ndi bwino magulu athu agwirizane pasadakhale za ndalama ya ulendo wa mwadzidzidzi wotere, kuti tsiku limene mmodzi wa ife adzaona mphezi popanda mvula, apemphereredwe ali kale pa basi.