LAPUTOPU IKAKANA KUYAKA, YAMBANI MWAPULUMUTSA ZA M'KATI

Masiku ano makina ochedwa laputopu sali a anthu a m'tauni okha iai. Aphunzitsi a kumudzi amasungiramo malikisi a ana, alembi a makopaletivu amalembamo maina a alimi amene alipira ndalama za fataleza, ndipo mwana wophunzira kukoleji ku Chipata kapena ku Lusaka amabwera nayo kwao pachuthi muli zolemba zace za caka conse. Motero makina amenewa akadwala, bvuto silikhala la mwini wace yekha.

Pali nthenda imodzi imene yasowetsa anthu ambiri tulo. Mukayatsa laputopu, pagalasi pamabwera mau a Cingerezi akuti "Preparing Automatic Repair" kapena "Startup Repair", ndiko kuti makina ali kuyesa kudzikonza okha. Mukadikira, amazima ndi kuyakanso, ndipo mau aja amabweranso. Amangozungulira pamodzi-modzi monga mbuzi yomangidwa pacikhomo.

Cimene tifuna kuti owerenga athu agwiritse ndi ici: kawiri-kawiri mafailo anu amakhala akali momwemo, osaonongeka. Cimene cadwala ndi Windows, pulogalamu yaikulu imene imadzutsa makina ndi kukutsegulirani njira yofikira zinthu zanu. Kiyi ikathyokera m'loko sindiye kuti katundu wa m'nyumba wabedwa. Anthu ambiri amataya zinthu zao osati cifukwa ca nthendayi, koma cifukwa ca mankhwala opupuluma, maka-maka kufomata, kumene ndi kufafaniza zonse za m'disiki. Windows ingathe kuikidwanso tsiku lomwelo, koma zithunzi za malemu agogo anu kapena kaundula wa kopaletivu palibe sitolo imene imagulitsa.

MAGWERO A BVUTOLI

Windows inapangidwa kuti ikalephera kuyaka kawiri motsatizana, itsegule yokha zipangizo zace zodzikonzera. Zipangizozo zikalephera, makina amayambanso, nalepheranso. Zocititsa zazikulu ziripo zitatu.

Coyamba ndi kuzima kwadzidzidzi pamene Windows inali pakati pa kulemba zinthu zace m'disiki. Malaputopu ambiri ogula kwa anthu ena ali ndi mabatire otha mphamvu, kotero kuti magetsi akapita naonso amazima pomwepo. Bvuto lotere limakula m'nyengo zonga caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lirilonse. Kumudzi, batire ya sola ikatha madzulo zimacitikanso cimodzi-modzi. Enanso amazimitsa okha mwamphamvu cifukwa cotopa ndi kudikira, ngakhale makina atalemba kuti asazimitsidwe.

Caciwiri ndi kukalamba kapena kubvulala kwa disiki. M'malaputopu akale, hadi disiki iri ndi timbale tozungulira, kawiri-kawiri maulendo 5,400 pamphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi timbaleto. Laputopu ikagwa kapena ikagundidwa iri ciyakire, kamutuko kangathe kukanda mbale. Madisiki atsopano ochedwa SSD alibe kanthu kozungulira, koma naonso amafa, ndipo amafa mwakacetecete.

Cacitatu ndi pulogalamu yolakwika kapena vairasi. Zimenezi zimagwera ndi olemera omwe. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya ku America yochedwa CrowdStrike inatumiza kafailo kolakwika kumakompyuta a makasitomala ace, ndipo makompyuta pafupi-fupi 8.5 miliyoni, monga inawerengera kampani ya Microsoft, anayamba kuzima ndi kuyaka kosalekeza. Ndege zinaima, ndipo nchito inasokonezeka m'mabanki ndi m'zipatala za maiko ambiri. Komatu mankhwala ace anali kucotsa kafailo kamodzi komweko. Zinthu za eni ace zinali bwino-bwino m'kati.

CHERANI KHUTU POYAMBA

Musanacite cina ciriconse, zulani zonse zimene zalumikizidwa kulaputopu, monga fulashi, pulinta ndi kakhadi ka zithunzi, ndi kusiya chaja yokha. Yatsani kamodzi. Nthawi zina makina amangosokonezeka ndi fulashi yoiwalika m'mbali. Jambulani ndi foni mau onse amene aoneka pagalasi, pakuti adzathandiza mmisiri.

Ndipo ikani khutu pafupi ndi makina. Mukamva kaphokoso kakuti tike-tike mobwereza-bwereza, kapena kulira konga kukwecha, zimitsani nthawi yomweyo. Disiki yotero iri pafupi kufa, ndipo kuiyatsa kulikonse kumaonjezera bala. Musaimenye, musaiike m'firiji, ndiponso musaitsegule m'kati, pakuti ngakhale pfumbi locepa lingathe kuononga timbale. Yotereyo ndi ya amisiri odziwa za madisiki. Ngati iri cete, kapena ingolira monga mwa nthawi zonse, yesani njira izi.

NJIRA ZITATU ZOTULUTSIRA MAFAILO

Njira yoyamba ifuna fulashi yokha. Makina akalephera kudzikonza amaonetsa mau akuti "Advanced options". Lowetsani fulashi ndi kusankha mau amenewo, kenaka "Troubleshoot", kenakanso "Advanced options", ndipo potsiriza "Command Prompt". Pa Windows 7 mau omalizawa ali pamndandanda wa "System Recovery Options". Padzatseguka kazenera kakuda. Lembanimo liu lakuti notepad ndi kudinda batani la Enter. M'kapulogalamu kamene katsegukako sankhani "File", kenaka "Open", ndipo m'munsi sinthani kuti pakhale "All Files".

Pamenepo mudzaona madisiki onse. Musadabwe mukapeza kuti disiki yanu, imene masiku onse imachedwa C, tsopano yalembedwa D kapena E. Funani imene muli foda yochedwa Users. M'menemo muli foda ya dzina lanu, ndipo m'kati mwace ndimo muli Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads. Dindani foda ndi batani la kumanja, sankhani "Copy", pitani pafulashi ndi kusankha "Paste". Makina sadzakuonetsani mmene nchito ikuyendera, ndipo angaoneke ngati auma. Dekhani, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi zinthu zofunika koposa, mukope pang'ono-pang'ono, ndipo musadinde "Save" pa failo iriyonse.

Njira yaciwiri ndiyo kudzutsa makina ndi pulogalamu ina m'malo mwa Windows. Yodziwika kwambiri ndi Ubuntu, imene ndi yaulere. Inatuluka koyamba m'caka ca 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lace ndi lofanana ndi liu lathu lakuti umunthu. Munthu wokhala ndi kompyuta yabwino ndi intaneti angathe kukuikirani Ubuntu pafulashi ya 8 GB pogwiritsa nchito kapulogalamu kochedwa Rufus. Fulashiyo ikhale yopanda kanthu, pakuti zonse za m'menemo zimafafanizika. Poyatsa laputopu dindani F12 ngati ndi Dell, F9 ngati ndi HP, kapena Esc ngati ndi Asus, ndi kusankha fulashi pamndandanda umene udzaoneka.

Apa ndipo pofunika maso. Padzabwera mau awiri: "Try Ubuntu" ndi "Install Ubuntu". Sankhani oyambawo, amene atanthauza kungoyesa. Aciwiriwo ndi oika Ubuntu m'disiki yanu, ndipo angathe kufafaniza zomwe mufuna kupulumutsazo. Ubuntu ikayaka, tsegulani disiki ndi kukopera mafoda anu pafulashi ina.

Njira yacitatu ndiyo kucotsa disiki yonse ndi kuiika m'kabokosi kokhala ndi cingwe ca USB, kuti iwerengedwe pakompyuta ina monga fulashi yaikulu. Njirayi imathandiza ngakhale laputopu itafa yonse. Chaja ndi batire ziyenera kucotsedwa poyamba. Madisiki ali a mitundu yosiyana, ena otakata ndi ena oonda ochedwa M.2, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kabokosi kace. M'malaputopu ena atsopano disiki ndi yowocherera, yosacotseka. Ngati simunagwirepo nchito yotere, ipatseni mmisiri inu muli pomwepo.

Mukatha kukopa, tsegulani mafailo angapo pakompyuta ina kuti mutsimikize kuti awerengeka. Musakhulupirire maina okha.

LOKO YA MANAMBALA 48

Malaputopu ena ali ndi loko yochedwa BitLocker, imene imabisa zonse za m'disiki kuti mbala isawerenge. Kuyambira m'caka ca 2024, Windows 11 yatsopano imadzikhomera yokha lokoyi pamakina ambiri, mwini osazindikira. Disiki yokhomedwa imafuna kiyi ya manambala 48 musanafike pa mafailo, m'njira zonse zitatu tachulazi. Kiyiyo kawiri-kawiri imasungika mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa nchito pokonza laputopu iri yatsopano, ndipo mungaipeze polowa mu akauntiyo pafoni. Ngati laputopu ndi ya sukulu kapena ya ofesi, funsani woyang'anira makompyuta kumeneko. Popanda kiyiyo palibe mmisiri amene angatsegule, ngakhale atakulonjezani bwanji. Inu amene makina anu akali amoyo, funani manambalawo lero ndi kuwalemba papepala.

TSOPANO KONZANI MAKINA

Mafailo akakhala m'manja, mtima ungathe kukhala pansi. Bwererani pa "Advanced options" ndi kuyamba ndi mankhwala ofatsa. Pa "Startup Settings" mukadinda 4 makina amayesa kuyaka mu "Safe Mode", ndiko kuti ndi mapulogalamu ocepa okha. Akayaka, cotsani pulogalamu imene munaika komaliza. "Uninstall Updates" imacotsa zatsopano zimene Windows inalandira posacedwa. "System Restore" imabweza Windows monga inaliri masiku apitawo osakhudza zolemba zanu.

Zikakanika, m'kazenera kakuda kaja lembani chkdsk C: /r, poika cilembo ceni-ceni ca disiki yanu m'malo mwa C. Lamuloli limayendera disiki yonse ndi kukonza zosokonekera, ndipo lingatenge maola angapo, kotero onetsetsani kuti magetsi ndi odalirika. Musaligwiritse nchito pa disiki yolira tike-tike, kapena musanakope mafailo, pakuti limaigwiritsa nchito yolemetsa.

Mankhwala omaliza ndi "Reset this PC". Ali ndi mbali ziwiri: "Keep my files" imasiya mafailo koma imacotsa mapulogalamu amene munaikamo, pamene "Remove everything" imasesa zonse. Dziwaninso kuti ngati gwero la bvuto ndi disiki yodwala, kuikamo Windows yatsopano kuli monga kufolera udzu pa mitengo yofumbwa. Nthendayo idzabweranso. Pofunika ndi kugula disiki ina. Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo cisamaliro ca nthawi zonse ca Windows 10 cinatha mu Okutobala 2025. Motero funsani ngati makina anu angathe kunyamula Windows 11.

MUKAPITA KWA MMISIRI

Amisiri a m'misika amathandiza anthu ambiri, koma kufomata ndiyo njira imene iwathera msanga. Safunsa anadya phula. Mau anu oyamba akhale akuti, "Bambo, musafomate ndisanaone mafailo anga pafulashi." Mugwirizane mtengo wa kupulumutsa mafailo paokha ndi wa kukonza makina paokha. Akasintha disiki, tengani yakaleyo. Ngati m'makina muli manambala a zitupa za alimi kapena mbiri za odwala, khalani pomwepo pamene akukopa, pakuti lamulo la dziko lino la 2021 lochedwa Data Protection Act limafuna kuti osunga zinsinsi za anthu ena azisamale.

Ngati kufomata kwacitika kale, lekani kugwiritsa nchito makinawo nthawi yomweyo, cifukwa ciriconse catsopano cimalembedwa pamwamba pa zakale. Pa hadi disiki, mapulogalamu onga PhotoRec ndi Recuva nthawi zina amabweza zina mwa zotayika. Pa SSD mwai ndi wocepa kwambiri.

MBEU SISUNGIDWA PAMALO AMODZI

Mlimi wanzeru saika mbeu yace yonse m'nkhokwe imodzi. Failo iriyonse yofunika ikhale pamalo atatu: m'laputopu, pafulashi kapena disiki ina, ndi kwina kutali ndi nyumba yanu. Malo acitatuwo angathe kukhala imelo yanu kapena Google Drive, imene imapereka malo a 15 GB kwaulere. Cenjerani ndi mafulashi ochipa kwambiri olembedwa manambala akulu-akulu, pakuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere: ena amalandira mafailo koma osawabweza. Fulashi yatsopano yambani mwaiyesa.

Sankhani tsiku limodzi pamlungu, monga Lacisanu poweruka, likhale la kukopa. Musayambe kulandira zatsopano za Windows pamene batire iri pafupi kutha, ndipo batire ikafa isintheni. Komiti ya sukulu kapena ya kopaletivu ifunse mlembi pamsonkhano uliwonse kuti kaundula anakopedwa liti, ndipo fulashi yace iri kwa yani. Funso limeneli silifuna ndalama, koma tsiku limene laputopu idzakane kuyaka ndilo lidzapulumutsa nchito ya anthu ambiri.