Mphwanga afuna kubwela ku Lusaka na gitala

Foni inalila tili pa mzele wa mamotoka pafupi ndi Manda Hill, basi itadzala mpaka kondakita kupinda msana pa citseko. Adilaiva anali atakweza nyimbo za pa fulashi mwakuti galasi la kumbuyo linali kunjenjemela. Ndinatseka khutu limodzi ndi cala. Anali mphwanga wa ku Katete, mwana wa alongo anga.

"Amalume, ndikagulitsa soya ndibwela kumeneko. Mundisungile pogona."

"Udzacita ciani kuno?"

"Kudzaimba. Kuno kulibe zocitika."

Ndinamuuza kuti tikamba madzulo. Amai amene anakhala pambali panga, thumba la kapenta lili pa miyendo, anali atamva zonse, paja mu basi mulibe cinsinsi. "Mumuuze asagulise khasu," iwo anatelo, n'kuselukila pa Arcades.

Mnyamatayu ali ndi zaka 23. Anayambila pa banjo ya citini ca mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, lelo ndiye aliza gitala ku chalichi kwao. Pa maukwati amuitana pa boma, pa Sinda, tsiku lina anafika mpaka ku Vubwi atakhala pamwamba pa masipika kumbuyo kwa Canter. Zala ali nazo, sindinama. Ndipo kwathu kwa Acewa mwana wa mlongo wako ndi wako. Akasocela mu tauni, pa bwalo adzafunsa malume. Conco kwa masabata awili funso landikhala pakhosi: munthu woliza gitala apite ku mzinda uti kuti aimbe, ndipo akaimba adye?

Tiyambe ndi Lusaka wathu uno. Phokoso lilipo, inu ndinu mboni. Pa Cisanu madzulo dutsani mu Kabwata, mu Matero kapena mu Chilenje, bala iliyonse yaika sipika pa khomo. Koma welengani malo amene mupeza wina wagwila gitala, wina ali pa ng'oma, thukuta lili kamukamu. Simudzatopa kuwelenga. Kwambili mupeza DJ ndi laputopu yake. Ngakhale oimba ena ochuka amabwela ndi fulashi m'thumba, n'kumaimbila pamwamba pa mau ao omwe. Mwini bala naye amadziwa masamu: bandi ndi milomo sikisi kapena seveni, kuonjezapo motoka yonyamula zida, DJ ndi mlomo umodzi. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, pa masamuwo panaonjezekela mafuta a jenaleta.

Ndili ndi mnzanga woliza besi. Masana amaocelela mageti ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, mseu umene unapatsidwa dzina la woimba. Tili ndi Paul Ngozi Road ku Kabwata. Pa kupatsa oimba miseu akamwalila, tili bwino ndithu. Mnzangayu anandiuza za bala ina imene anaimbako kucokela 20 koloko mpaka tambala woyamba, pothela pake mwini malo n'kunena kuti anthu sanagule mowa wokwanila. Anawapatsa nsima, botolo limodzi limodzi, ndi ya basi. "Manje ine ningauze cani mukazi wanga?" iye anatelo. Ndalama yeniyeni, akuti, aipeza ku chalichi, pa maukwati, ndi mu mahotela kumene uliza nyimbo za eni ake pansipansi azungu ndi mabwana akudya.

Ndipo mukandifunsa ine kuti oimba a zida amene sagona ndi njala mu Lusaka ndani, ndidzakuonetsani azimai a ng'oma. Muwaona pa Ciwelu ciliconse kumbuyo kwa Canter, vitenge vofanana, mapoto okulungidwa pakati, apita ku cilanga mulilo kapena ku kicheni pate. Alibe posita, alibe vidiyo pa YouTube, koma foni yao siikhala cete.

Sindinena kuti mzinda uno ndi wouma. Amayenge akali kuvinitsa anthu, amai Alice Chali ali kutsogolo, ngakhale kuti mwini bandi Chris Chali anatisiya mu 2003. Ku Alliance Française kumacitika zoimba za zida. Ku Showgrounds nthawi ya cionetselo ca zaulimi kumakhala mabandi. Kwa inu ofuna kukamvela, Lusaka ikwana. Koma mzinda wokoma kwa womvela ndi wina, wodyetsa woimba ndi wina.

Akuluakulu adzakuuzani kuti m'zaka za m'ma 1970 mzinda wa magitala unali Kitwe. WITCH inacokela kumeneko, Amanaz naonso, amene anatulutsa cimbale ca Africa mu 1975. Ku Ndola kunali Teal, kampani yodinda malekodi. A Kaunda analamula kuti pa wailesi pazimveka kwambili nyimbo za kuno kwathu. Koma cimene cinali kudzaza maholo ndi malipilo a anthu a mu migodi mwezi ukatha. Mtengo wa kopa utagwa, maholo anayamba kuzizila, ndipo pambuyo pake matenda anatenga oimba ambili. Jagari Chanda wa WITCH anakhala mphunzitsi, kenako anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali. Lelo aimbanso, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango, koma masiteji ake ambili ali ku Ulaya ndi ku America. Nyimbo zitsatila thumba la anthu wamba. Yang'anani amene mwakhala nao mu basi muno: akalipila lendi, akagula saka ya unga ndi malasha, patsala zingati za pa geti?

Manje pali cinthu cimene ife a kum'mawa timaiwala cifukwa maso athu onse ali ku Intercity. Kucoka pa Katete kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500, tsiku lathunthu, ndi kuima pa Luangwa kugula nsomba zouma. Kucoka pa Katete kufika ku Lilongwe siifika ndi theka la mtunda umenewo: Chipata, Mwami, Mchinji, basi wafika. Ndipo kumeneko mphwanga sangafunikile kusintha lilime kuti amveke wa mu tauni. Cicewa cimene amaimba ku Katete ndico ca pa wailesi kumeneko.

Amalawi pa nkhani ya bandi anatisiya, tivomeleze cabe. Black Missionaries a ku Chileka, amene anayambitsidwa ndi Evison Matafale, akhala akuzungulila dziko lonse ndi zida zao kwa zaka zoposa 20, ndipo November aliyense anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukila Matafale, amene anamwalila mu 2001. Malemu Lucius Banda, amene tinataya mu June 2024, analela oimba ambili mu Zembani Band. Ku Dowa, pafupi ndi Lilongwe, mu kampu ya othawa kwao ya Dzaleka, mumacitika Tumaini Festival kuyambila mu 2014, yolowa ulele. Ndinapitako ku Lilongwe kamodzi pa malilo, ndipo Sondo masana acibale ananditengela ku malo ena kumene bandi inali kuimba. Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti anthu anabwela ndi ana, analipila pa geti osakangana, ndipo gitala itaduka waya anayembekezela, palibe amene anakuwa kuti DJ aikeko cina.

Nkhani imene ndinauza mphwanga ndi ya Madalitso Band: amuna awili, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, wina ndi babatoni wa waya umodzi wopanga okha, wina ndi gitala ya mawaya anai ndi ng'oma yoponda ndi cidendene. Anaimba m'miseu ya Lilongwe zaka zambili asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kucokela pamenepo akhala akuyenda ku Ulaya. Iye anamva za Ulaya. Ine ndinali kufuna amve za zaka zija za mu mseu. Komanso kwacha ya ku Malawi inagwetsedwa ndi 44 pelesenti mu November 2023. Ungadzaze thumba ku Lilongwe, pofika pa Mwami posintha n'kupeza yangokwana feteleza thumba limodzi. Kukaona, pitani. Kukakhala, muyambe mwafunsa za mapepala a nchito.

Ku Harare nakonso magazi athu aliko. Alick Macheso, mfumu ya sungura, ndi mwana wa atate ocokela ku Malawi amene anagwila nchito m'mafamu, ndipo nyimbo zina amaziimba m'Cicewa. Koma kumeneko ndilibe mbale woti angamusunge, ndiye sindinacedwepo.

Cimene cinandiwawa pa foni ija ndi mau akuti ku Katete kulibe zocitika. Mwana wobadwila pafupi ndi Mkaika! Ciwelu comaliza ca August, pa Kulamba, palibe holo ya mu Lusaka imene ingapikisane ndi bwalo la Kalonga Gawa Undi. Mafumu a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique amabwela, aliyense ndi anthu ake, ng'oma zake ndi magule ake. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, unayambanso mu 1984, ndipo mu 2007 apulezidenti a maiko onse atatu anakhala pamodzi pa bwalo limenelo. Mu 2005 UNESCO inaika Gule Wamkulu pa cuma ca dziko lonse lapansi.

Koma za mapepala zisiyeni. Mukafike kukali masiku awili, mugone kumeneko. Usiku mudzaona anyamata akuwamba ng'oma pa moto, akuyesa ndi cala mpaka cikumba cilankhule bwino. Mbalule ikayamba, siimveka m'makutu mokha, imagunda m'cifuwa. Woimba mbalule sayang'ana anthu, maso ake ali pa mapazi a cilombo. Cikatembenuka iye watembenuka kale. Azimai ali kuseli ndi manja ndi mau, kuyankha mosaphonya, popanda maikolofoni, popanda wowapatsa cizindikilo. Makanja akatulukila, mutu uli pafupi ndi nthambi za mitengo, fumbi lili kobo, ngakhale a mu tauni aja obwela ndi mafoni m'mwamba amaiwala kujambula. Malaiti apite, asapite, kumeneko sadziwa n'komwe. Ndaonapo mabandi ambili, koma kumvana kwa ng'oma ndi phazi kotele sindinakuone pa siteji iliyonse.

Ndinamuuza zonsezi madzulo aja. Anandimvetsela mwaulemu, kenako anati: "Zoona amalume. Koma Kulamba ndi sabata imodzi. Nanga masabata enawo ndidzadya fumbi?" Ndinasowa poyankha. Gule si nchito yolembedwa, ndi mwambo, ndipo ndalama za kusupa sizigula mawaya a gitala. Pa boma maukwati amaculuka anthu akagulitsa mbeu, mvula ikagwa zonse zii. Mnyamata sananame.

Tinagwilizana motele, amai ake ali pambali kumvetsela. Soya agulitse, koma mbuzi asakhudze. Kulamba ikatha akwele basi, adzakhale kwanga ku Mtendere miyezi itatu, nyengo ya maukwati. Mnzanga wa besi wavomela kumutenga ku chalichi kwao ndi kumuonetsa kwa anthu a mabandi, malinga masana azimugwilila zitsulo pa Kalingalinga. Ndamuuza kuti agule kabuku, azilemba ngwee iliyonse imene gitala yabweletsa ndi iliyonse imene basi yadya. Kumapeto kwa November tidzakhala pansi ndi kabukuko. Kakakana, abwelela kukabyala mvula isanapite patali, ndipo caka camawa tidzayesa Lilongwe, ine ndidzamupelekeza mpaka pa Mwami.

Dzulo anaimbanso, ndili pa Kulima Tower kuyembekezela basi kuti idzale.

"Amalume, ampu ndibwele nayo? Kunyumba kwanu malaiti amakhalako?"

Ndinamuuza kuti anyamule gitala ija ya bokosi.