Kodi Doctor Who Idzatha Bwanji?

Ndimadzifunsa kuti sewero la BBC la Doctor Who, lomwe linayamba pa 23 Novembala 1963, lidzatha bwanji. Imfa singalithetse. William Hartnell, yemwe ankasewera ngati Doctor, atadwala mu 1966, olemba anapeza nzeru: Doctor akamafa amasanduka munthu wina, ndipo Patrick Troughton anatenga malowo. Ngakhale lamulo loti asanduke ka 12 kokha analiphwanya mu 2013.

Mu 1989 oonera atachepa, linangozima, Doctor akupita ndi mnzake Ace, osatsanzika. Linabwerera mu 2005, koma kuzima koteroko kumandiwawabe.

Ine ndikufuna mathero okonzedwa ndi mtima wonse: TARDIS, bokosi labuluu lomwe Doctor amayendera, libwerere pakati pa zinthu zakutha ku London pomwe linaonekera koyamba, chitseko chitsekedwe. Inu a BBC, musadzatisiyenso m'malere.