Mwana wa Mnzako Si Muyeso

Kawirikawiri ndimamva makolo akudandaula kuti, "Tikanadziwa sitikanamulola kulowa timu ya mpira. Onani mwana wa anzathuwa, akaweruka amakhalira mabuku." Ine ndikuona kuti madandaulo otere amadza chifukwa choyeza mwana ndi muyeso wa nyumba ina, chonsecho mphatso zimasiyana ndipo sizibala zipatso nthawi imodzi.

Taganizani za Tabitha Chawinga wa ku Rumphi. Makolo ake sankafuna kuti mtsikana azisewera mpira, koma mu 2023, akusewerera Inter Milan, anaposa onse pomwetsa zigoli 23 mu ligi ya amayi ku Italy.

Si mwana aliyense angafike pamenepo ayi. Komabe inu makolo, musanamuletse, yambani mwaona zimene akutola kubwaloko: kumvera, kusunga nthawi ndi kugwirizana ndi anzake.