Khadi yadzadza, koma malire enieni ali patali

Pamsika wa Nkhata Bay, kufupi ndi doko pomwe Ilala imakocheza, anyamata oika nyimbo m'makhadi a foni adazolowera dandaulo ili: “Achimwene, akuti yadzadza.” Mwini foni amayamba kufufuta zithunzi za ana kuti nyimbo zilowe.

Kodi kakhadi konga chikhadabo kangathe kusunga zinthu mopanda malire? Ayi ndithu. M'chaka cha 1981, katswiri wa sayansi Jacob Bekenstein adaonetsa kuti uthenga womwe ungalowe m'malo alionse umadalira zinthu ziwiri: kukula kwa malowo ndi mphamvu zomwe zilimo. Poti Albert Einstein adapeza kale kuti kulemera kwa chinthu ndi mphamvunso, sikelo ndi rula n'zokwanira powerengera malirewo.

Masamuwa amayendanso chobwerera. Mukadziwa kuchuluka kwa uthenga ndi kukula kwa malo, mumapeza mphamvu yochepetsetsa yomwe iyenera kukhalamo.

Khadi ya 32GB imasunga tizidutswa ta uthenga, totchedwa ma bit, tokwana 256 biliyoni, nambala ya madijiti 12. Malire a Bekenstein pa kakhadi komweko ndi nambala ya madijiti pafupifupi 38.

Choncho khadi yanu ikadzadza, chachepa ndi luso la opanga komanso ndalama m'thumba. Chilengedwe chidakali ndi malo ambiri.