Kodi moto wa mpikisano wa njinga udazima?

Chaka chilichonse Tour de France ikatha, okonda mpikisano wa njinga ena amadandaula kuti opalasa a masiku ano alibe ukali wa anzawo akale. Akuti angosanduka abwenzi, amangomvera zowauza pa wayilesi, ndipo wopambana amadziwika asananyamuke n'komwe. Madandaulowa ali ndi pogwira, komabe si onse amene ali oona.

Chikhulupiriro choyamba: Kukondana kwapha mpikisano

Ambiri amaloza zimene zidachitika mu 2022. Tadej Pogačar wa ku Slovenia adagwa potsetsereka phiri la Spandelles, ndipo Jonas Vingegaard wa ku Denmark, amene ankatsogola mpikisanowo, adamudikira. Atamupeza adagwirana chanza njinga zikuyenda.

Zoona zake n'zakuti tsiku lomwelo, pa chitunda cha Hautacam, Vingegaard adamuthawa mnzakeyo n'kupambana popanda chisoni. Kudikira mnzako akagwa ndi mwambo wakale womwe sudalembedwe m'malamulo: Jan Ullrich adadikira Lance Armstrong atagwa mu 2003. Koma Alberto Contador adalozedwa zala mu 2010 chifukwa chothawa pamene tcheni cha Andy Schleck chidaguluka. Ulemu umenewu umangotanthauza kuti munthu akufuna kugonjetsa mdani wake ndi miyendo, osadalira ngozi.

Chikhulupiriro chachiwiri: Makina ndiwo akupalasa

Opalasa amakhala ndi kachipangizo koyeza mphamvu imene akuponda nayo, komanso kawayilesi kukhutu kolankhulana ndi mphunzitsi amene ali m'galimoto. Dandaulo limeneli lidakula m'zaka zimene timu ya Sky, yomwe idadzatchedwa Ineos, idapambana Tour kasanu ndi kawiri pakati pa 2012 ndi 2019. Anyamata ake ankandandalikana kutsogolo pa liwiro loti wina aliyense asathe kuthawa, ndipo oonera ena ankatopa nazo.

Koma lero zinthu zasintha. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Zürich mu 2024, Pogačar adachoka m'gulu kutatsala makilomita pafupifupi 100, n'kukapambana. Pamasamu zimenezi n'zosayenera, chifukwa wopalasa kumbuyo kwa anzake amatetezedwa ku mphepo ndipo amasunga mphamvu zambiri, pamene wopalasa yekha amalimbana ndi mphepo yonse. Kachipangizo kamangomuuza munthu mphamvu imene akutulutsa. Kulimba mtima kothawa patali chotero kumachokera mwa iye mwini.

Chikhulupiriro chachitatu: Kale aliyense akanatha kupambana

Apa anthu amakumbukira 1989, pamene Greg LeMond adaposa Laurent Fignon ndi masekondi 8 okha atapalasa milungu itatu. Chaka chimenecho chimakumbukika chifukwa zotere sizichitika kawirikawiri. Mu 1969 Eddy Merckx wa ku Belgium adapambana Tour ndi mphindi pafupifupi 18. Iye, Jacques Anquetil, Bernard Hinault ndi Miguel Induráin aliyense adapambana kasanu. Choncho kulamulira kwa munthu mmodzi kudayamba kalekale. Tikumbukirenso kuti ukali wina umene anthu amausirira unali wa mankhwala oletsedwa: Armstrong adalandidwa zipambano zake zonse zisanu ndi ziwiri za Tour mu 2012.

Ngakhale Pogačar amagonja. Mu 2022 a timu ya Jumbo-Visma adasinthanasinthana pomuthawa pa phiri la Galibier mpaka adatheratu pa chitunda cha Granon. Mu 2025 Mathieu van der Poel adamugonjetsa pa msewu wa miyala wa Paris-Roubaix, ndipo ku Kigali, pa mpikisano wa dziko lonse woyamba kuchitikira mu Africa, Remco Evenepoel adamupeza n'kumudutsa pa mpikisano wopalasa aliyense payekha, ngakhale kuti adanyamuka pambuyo pake.

Pamene odandaula akunena zoona

Nkhawa yeniyeni ndi ya ndalama. Matimu ochepa olemera amalemba ntchito akatswiri oti akanatsogolera matimu ena, n'kuwasandutsa othandizira munthu mmodzi. Kuyambira 2020 mpaka 2025, malaya achikasu a wopambana Tour adangozungulira pakati pa Pogačar ndi Vingegaard. Matimu ang'onoang'ono amatsala ndi kulimbirana magawo a tsiku limodzi.

Komatu kulimbirana kumeneko si kwamasewera. Mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana magawo atatu ndi kutenga malaya obiriwira a wopambana pa mapointi, ndipo Mark Cavendish adapambana gawo lake la 35, kuposa 34 a Merckx. Mukamaonera Tour, musangoyang'ana wovala zachikasu. Mtima wopikisana ulipo wochuluka. Chimene chikufunika kukonzedwa ndi kusiyana kwa chuma pakati pa matimu.